Kutsata Madzi Amene Anatenga Mwana Wanga

Ine pakamwa panga sipakhala chete. Polima ndimayimba, potsuka mbale ndimayimba, ndipo ngakhale pa maliro akatekisita amachita kundikodola kuti agogo, tsitsaniko pang'ono, ena amveko pemphero. Ndiye mawu anga akamavina pamene nkhani yake ndi ya misozi, musadabwe. Anandibereka choncho.

Kuseri kwa nyumba yanga ku Zobwe kuli kamtsinje. Dzina lalikulu kalibe, timangoti kumadzi. Kamatumphuka pansi pa thanthwe lakuda m'phirimo, ndipo madzi ake ndi ozizira oti mano kuchita dzanzi. Apadiri ena akale ankati miyala imeneyo inali chiphalaphala, phala la moto limene linawira pansi pa dziko n'kudzaumira kunja. Ine ndinkaseka kuti moto ungabereke bwanji madzi ozizira chonchi. Koma mwala wake ndi wolemeradi, wakuda bii ngati kunsi kwa mphika.

Kamtsinje kathuko sikaba, kamangobwereka. Mvula ikakula kamanyamula chimene kapeza, mtondo, lichero, mpini, kamwana ka mbuzi. Madzi akaphwa mumangotsika mpaka pokhota paja pali mkuyu, ndipo mumazipeza zonse zitakodwa m'mizu. Mwambo wathu ndi wakuti chimene madzi akusiyira si chako. Umachipachika pa nthambi kuti mwini wake akamatsika akufunsafunsa achione. Akakhala munthu, Mulungu atitalikitsire, umamuika m'mbali mwa madzi, kusanjikapo miyala, n'kusunga m'mutu nkhope yake ndi zimene anavala kufikira abale ake atabwera. Ndinakula ndi zimenezo, ndipo ndinkayesa kuti mtsinje uliwonse pansi pano uli ndi mkuyu wake.

Nkhondo itafika kwathu, anthu a mfuti anatenga anyamata kuti akawasenzere katundu. Anatenganso mwana wanga wachisamba, mwamuna yekhayo amene ndinabereka. Bambo ake anali atagona kale nkhondo isanayambe. Mwana wangayo anasiya mkazi ali ndi pakati. Ine ndi mpongozi wangayo tinathawira ku Malawi, kukampu ya ku Mwanza, poti kwawo kunalibe kobwerera, mudzi unapsa ndipo abale anamwazika. Kukampuko n'kumene mdzukulu wanga anabadwira, mtsikana, mphumi ya bambo ake yeniyeni.

Pa mwambo, mpongozi sudya naye mbale imodzi. Koma kukampu mbale inali imodzi ndipo bulangete linali limodzi. Manyazi anasungunuka ngati sopo. Ndinayamba kumutcha mwana wanga, iye n'kumanditcha amayi, ndipo zinakhala choncho.

Mtendere utabwera tinabwerera. Mashamba athu, minda ija, tinawapeza ali tchire, mitengo ya mango itakula popanda woiona, denga litagwera m'kati. Tinkayenda mmene mwadutsa mbuzi mokha, kuopa mabomba okwirira. Anthu ankatulukira mmodzimmodzi, wina kuchokera ku Malawi, wina ku Tete, wina kutchire, ndipo aliyense wotulukira pamsewu ndinkamuyang'ana kayendedwe. Mwana wanga ankayenda moponya phazi lamanzere kunja, ngati akukankha nkhuku.

Tsiku lina kunatulukira mnyamata wa m'mudzi mwathu amene anatengedwa naye limodzi. Anali akutsimphina, tsitsi litayamba kale imvi. Anakhala pansi pa mango, chipewa m'manja.

"Amayi, ndili ndi mawu, koma ndi olemera."

"Tula, msana wanga unazolowera."

Anati ankawoloka Nkondedzi mvula ili pakati, madzi akulekeza m'khosi, aliyense thumba la chimanga pamutu. Mwana wanga anali patsogolo pake. Phazi linaterereka pa mwala.

"Ndinaona thumba likuyandama, kenako mutu, kenako thumba lokha."

"Unamuona atafa?"

"Ayi, amayi. Kumbuyo kunali mfuti, sindikanaima."

"Ndiye wandiuza za thumba," ndinatero, n'kumupatsa madzi akumwa.

Mawu aja anafika kwa alongo anga, eni mbumba, ndipo anabwera nati tidule nthochi. Kwathu munthu akafa mtembo osaoneka, timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu ndi mphasa, kuliika m'manda ngati mwini wake, kulira, kumeta. Zikatero mkazi wake amasudzulidwa, ndiye kuti wamasulidwa, akhoza kukwatiwa. Popanda zimenezo ndi mkazi wa mwini, ngakhale mwiniyo atasanduka mphepo. Koma pali chinanso chimene amatiuza. Ukaika nthochi munthu ali moyo, wamutsekera khomo, mapazi ake sadzapezanso njira ya kwawo. Ine ndinakana.

Ndipo panali chifukwa chimene alongo anga ankafulumirira. Panali bambo wina, mkazi wake anamwalirira kukampu, woumba njerwa ku Moatize. Ankakwera mtunda wonse uja pa kamyao, galimoto ya katundu ija, njinga yake ili pamwamba pa katundu, n'kudzatsikira kwathu akuiimitsa ndi phazi poti inalibe choimitsira china. Ankabwera ndi masau m'kathumba, ati a mwana.

"Abambo a njerwa, mwabweranso kudzandiona? Ndakalamba, komabe ndiganizapo."

Iye ankangoyang'ana pansi, makutu akuchita thukuta. Anali munthu wabwino, ndinganene bwanji. Mpongozi wanga naye, tsiku limene bamboyo akubwera ankachedwa kumadzi, akukwecha zidendene ndi mwala mpaka kuyera mbee. Maso ndili nawo.

Ndinkadziwanso kuti akakwatiwa, mwana apita ndi mayi ake, poti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ine ndikanatsala ndi nkhuku. Alongo anga anandilasa pomwepo.

"Mlongo, mukudikira mwana wanu kapena mukusunga wokutungirani madzi?"

"Inu mukufulumira chifukwa cha mowa wa pa ukwati."

"Mtsikanayu unyamata wake ukuthera pakhomo panu. Si wamasiye, si wapabanja. Mumutcha chiyani?"

Ndiye ndinati chabwino, ndikafunsa madzi. Madzi anamutenga, madzi anakamutula penapake. Ngati anatuluka wamoyo, alipo amene anamuwotha moto. Ngati anatuluka wakufa, alipo amene anamusanjikira miyala. Nditsika ndi mtsinje mpaka ndikapeze mkuyu wake. Ndikapeza miyala, nthochi sifunikanso, tikalirira pomwepo. Ndikapanda kupeza kanthu, ndiye kuti ali moyo. Mmene ndinkaganizira ndi momwemo, njira ziwiri basi.

Mpongozi wanga anamanga kapulana m'chiuno nati apita nawo.

"Mwamuna ndi wanga, amayi. Mukakamupeza mukamuuza chiyani, kuti ndinatsala ndikukwecha mapazi?"

Ndinaseka, poti sindinkadziwa kuti anadziwa kuti ndimaona. Mwana tinamusiya kwa alamu anga. Inali nyengo ya dzuwa lalikulu, mitengo itayamba kuphukira, mvula isanagwe, nthawi imene mitsinje imaonda.

Tinayambira pa thanthwe lakuda lija. Ndinamwa madzi ake, kusamba kumaso, n'kuyamba nyimbo yanga:

Madzi a kwathu, mwapita kuti,
mwasiya mtondo, mwatenga mwini.

Tinadutsa mkuyu wathu, ndipo pa nthambi panali chikho cha munthu chikudikira mwini wake. Kunsi kwa mkuyu ndinali ndisanapiteko chibadwire. Kamtsinje kathu kanakumana ndi kanzake kochokera kuphiri lina, awiriwo n'kukumana ndi wachitatu, ndipo sindinathenso kudziwa kuti athu ndi ati. Dziko linayamba kutsetsereka. Nthochi zinatha, minda ya kachewere inatha, katondo wofiira anatha. Kunabwera nsungwi, kenako tsanya wopanda mthunzi, kenako milambe itaima mimba kutsogolo ngati amalume akhuta. Mphepo ya kwathu inatisiya pa mtunda wotsiriza. Kunsiko dzuwa silituluka, limakugwera. Pena madzi ankalowa pansi pa mchenga, ife n'kumayenda pamwamba pa mtsinje, ndipo pofuna kumwa tinkafukula ndi manja.

Tinafika pa Nkondedzi, podutsira pamene mnyamata uja ananena, pali miyala iwiri ikuluikulu yoyang'anizana. Mtsinje umene unameza mwana wanga sunandifike ndi m'mawondo momwe. Unkangoyenda wefuwefu pakati pa miyala, tinsomba tikusewera. Ndinaima pakati pake n'kuutukwana moyimba, kuti iwe kankhalamba kowonda iwe, unamumeza ndi kamwa liti. Mpongozi wanga anandigwira mkono n'kundilozera m'mwamba. M'nthambi za mtengo wa m'mbali, pamwamba poti munthu ataimirira pa phewa la mnzake sangafikepo, munali mutakodwa udzu wouma ndi zitsotso za madzi osefukira. Ndinatseka pakamwa, n'kutuluka m'madzimo.

Kuchokera pamenepo tinkafunsa mudzi uliwonse. Midzi yake inali yatsopano pa malo akale, udzu wa padenga usanade. Ndinkagwada, kuomba m'manja, n'kufunsa monga timafunsira kwathu.

"Pepani eni madzi. Kodi mtsinje sunakusiyireniko munthu, zaka za nkhondo zija? Wamtali, mpata m'mano, malaya obiriwira."

"Amayi, ife nthawi imeneyo tinali ku Malawi ngati inu nomwe."

Kwina ankati tinali ku Tete. Kwina ankati kuno kunatsala afisi okha, kawafunseni iwowo. Mawu amenewo anandilowa pang'onopang'ono ngati minga ya m'chidendene. Mwambo wopachika chinthu pa nthambi umafuna munthu woima m'mbali mwa madzi. Zaka zimenezo m'mbali mwa madzi munalibe munthu. Mitsinje inkayenda yokha.

Pamudzi wina mayi wina wokalamba, amene sanathawe chifukwa cha miyendo, anatitengera pa mulu wa miyala pansi pa mtengo wa msawu. Mtima wanga unagunda ngati mtondo wa anthu awiri. Koma anati wogona pamenepo anali mkazi, anali ndi mikanda m'chiuno, ndipo mpaka tsikulo palibe amene anabwera kudzamufunsa. Ndinatola mwala n'kuwonjezerapo, mpongozi wanga n'kuwonjezera wake. Mayi uja anatiyang'ana nati ndife oyamba.

Nkondedzi anatifikitsa kwa mkulu wake, Revubwe. Ameneyo amachokera kutali, kumapiri a ku Angonia kumene kumazizira kuposa kwathu, ndipo amabwera atasonkhanitsa kale ana ambiri. Ndi wotambalala, mabango mbali zonse, mchenga pakati, anthu atabzala mbatata ndi nyemba m'madimba pamene madzi aphwera. M'magomo ake ena munkaoneka mzere wakuda wa malasha, ngati munthu wadula mkate wopserera. Malankhulidwe nawo anasintha. Anthu ankatifunsa kuti mwachokera kuponi, ndipo nditawerama kuti nditunge madzi mayi wina anandikoka kapulana akuti nyakoko, nyakoko. Ndinkayesa akunditukwana, kufikira anandilozera ng'ona itagona pa mchenga kukamwa kuli yasa. Kwathu kumadzi timaopa nkhanu.

Pena njira ya m'mbali mwa mtsinje inali yoletsedwa, atapaka miyala utoto wofiira chifukwa cha mabomba, ndiye tinatulukira kumsewu n'kukwera kamyao ya makala mpaka ku Moatize. Tinatsika tili bii, mano okha. Kunja kwa tauniyo, kufupi ndi madzi, kunali mauvuni a njerwa akufuka utsi. Mpongozi wanga anakhotetsa khosi kuyang'ana kwina, mwamphamvu moti anapunthwa pa chitsa.

"Chitsacho chakulakwira chiyani, mwana wanga?"

"Tiyeni, amayi, dzuwa likupita."

Sitinaime.

Mapeto a Revubwe ali ku Benga. Ndinkamva anthu akuti Zambezi, Zambezi, ine n'kumayesa ndi mtsinje ngati mitsinje ina, wongonenepako. Titatulukira pa gomo ndinakhala pansi osafuna. Madzi, madzi, zisumbu pakati, madzinso kuseri kwa zisumbu. Anthu a kutsidya ankaoneka ngati nyerere. Revubwe yense uja, amene ndinkamuopa, ankalowamo ngati mwana akulowa m'tchalitchi mochedwa, mwakachetechete, cham'mbali.

Tinalandiridwa ndi msodzi wina wachikulire ndi mkazi wake. Anali ndi bwato losema, iwo amati mwadiya, ndipo Chinyanja ankachidziwa poti anayendapo. Anatipatsa nsomba ya pende ndi madzi a malambe. Titadya ndinagwada n'kufunsa funso langa lija, kenako n'kuwonjezera kuti andilozere pokhota pamene mtsinje uwu umatula katundu wake.

"Potula katundu?"

"Eya. Kwathu pali mkuyu. Kuno pali chiyani?"

Bamboyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope yanga analeka. Anatenga kamtengo n'kuyamba kulemba pa mchenga. Anati ali mnyamata anatsikapo ndi mtsinjewu mpaka kumapeto. Ukachoka pano, anatero, umakafika ku Lupata, kumene mapiri amaufinya mtsinje pakhosi, makoma a miyala yakuda mbali zonse, madzi akuthamanga mozungulira ngati akutakasidwa. Ukatuluka pamenepo dziko limagona, mtsinje umadzitambasula, zisumbu zosawerengeka. Umadutsa pansi pa mlatho wachitsulo wa ku Mutarara, wautali woti woyenda pansi amapumira panjira. Kenako Shire amalowa, atasenza madzi a ku Malawi. Kenako minda ya nzimbe, udzudzu, matope. Kumapeto mtsinje umagawikana ngati zala za dzanja, chala chilichonse chikulowa m'mitengo yomera m'matope amchere, mpaka ku Chinde.

"Ndiyeno?"

"Ndiyeno nyanja, amayi. Yamchere. Imeneyo ilibe tsidya."

"Nanga zimene madzi anyamula zimakodwa pati?"

"Zina pa chisumbu, chaka chino. Chaka chamawa chisumbucho palibe, chasamukira kwina."

Mkazi wake anali akupala nsomba chapatali. Analankhula osadzutsa mutu.

"Auzeni zinazo, bambo. Ayenda mtunda wautali, asabwerere ndi theka."

Bamboyo anafufuta zimene analemba pa mchenga zija ndi phazi. Anati zaka za nkhondo zija madzi ankabweretsa anthu, makamaka mvula ikakula. Poyamba asodzi ankawavuula n'kuwaika. Kenako a mfuti anayamba kufunsa kuti mwaika ndani, ndi wa mbali iti, mukumudziwa bwanji. Wina anamenyedwa chifukwa cha manda a mlendo. Kuyambira pamenepo, munthu akakodwa m'mabango, ankamukankha ndi nkhafi kuti abwerere pakati pa madzi.

"Tinkawauza kuti pitirirani, kuno si kwanu. Mawu okhawo ndi amene tinkawapatsa."

"Wamtali, mpata m'mano," ndinayambanso.

"Amayi, madzi akamuyendetsa munthu kuchokera ku Nkondedzi, safika kuno ndi nkhope."

Sindinakwiye nawo. Ndikanakhala ine ndi nkhafi m'manja ndi ana m'nyumba, kaya. Koma njira zanga ziwiri zija zinathera pamenepo. Miyala sindinaipeze, ndipo kusaipezako sikunatanthauze kuti ali moyo. Panali njira yachitatu imene ife a kumapiri sitiidziwa, yoti munthu amangopita, n'kumapita, osakodwa paliponse.

Tinakhala pa Benga masiku angapo, miyendo itatupa. Ine ndinali duu pa gomo, osayimba, osang'ung'udza n'komwe. Mpongozi wanga anachita mantha, poti chikhalire nane anali asanandimvepo ndili chete. Ankabwera ndi madzi, ndi chakudya, n'kumandiyamba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa dala kuti ndimukonze. Sindinamukonze.

Ndiye tsiku lina masana, kumwamba kuli mbee popanda ndi kamtambo komwe, ndinaona asodzi akuthamangira kumadzi kukakokera mabwato awo kumtunda. Amayi a m'madimba ankazula mbatata mofulumira. Msodzi wathu uja anadutsa akukoka ukonde nati, "Yagwa kumapiri." Ndinayang'ana kumene tinachokera, ndipo kutali, kumapeto kwa maso, kunali kwakuda.

Madzi anafika opanda phokoso lalikulu. Anangoyamba kukwera, thovu patsogolo, kenako mapesi, zitsononkho, masamba a nthochi. Ku Benga kulibe nthochi zotero. Ndipo mtundu wake unasintha, Revubwe anafiira psuu. Polowa mu Zambezi sanasakanikirane msanga ayi. Ofiirawo ankayenda okha m'mbali mwa gomo lathu, a Zambezi akuyenda okha, ngati nsalu ziwiri zosokedwa pamodzi, mpaka kukazimiririka kokhota.

Ndinatsika, nyakoko ndinamuiwala. Ndinatunga m'manja n'kudikira kuti adikhe. Pansi pa chikhatho panatsala dothi. Ndinalipaka pa chala, kulinunkhiza, kulilawa. Katondo. Yemwe uja timazira naye pansi m'nyumba, yemwe uja ndinkadya ndili ndi pakati pa mwana ameneyu. Kaya anachokera ku Angonia, kaya ku Zobwe, dothi silinena, koma ine ndinati ndi la m'munda mwanga, la kumunsi kuja kumene madzi amandidyera mizere chaka ndi chaka.

Ndinaitana msodzi uja.

"Bambo, dothi ilinso limakafika kunyanja?"

"Lambiri limafika. Kumeneko madzi amatopa, ndiye limakhala pansi. Matope onse a kumathiriro aja ndi minda ya anthu a kumtunda."

"Limakwirira zimene zili pansi?"

"Limakwirira chilichonse. Mwadiya ukamira kumeneko, pakapita mvula ziwiri zitatu suonekanso."

Pa maliro, mayi amaponya dothi m'manda ndi dzanja lake. Chimene chinkandidya zaka zonsezo n'chakuti mwana wanga sindinamuponyere dothi. Ndinaima m'madzi ofiira aja mpaka m'mawondo n'kuganiza kuti kani ndakhala ndikuponya. Ndikagalauza munda, mvula n'kukokolola, ine n'kumatukwana, dothilo linkatsika njira yomwe iye anatsika, Nkondedzi, Revubwe, Zambezi, Lupata, mpaka kumene anakagona. Si manda oti ndingakhalepo pansi n'kuzula udzu. Koma dothi ndi la kwawo.

Mpongozi wanga anabwera kudzandikoka.

"Amayi, tulukani, ng'ona. Komanso kwathu yagwa, ife mbewu zikadali m'chikwatu."

"Tipita mawa. Tikabzale, kenako tikadule nthochi."

Mpongozi wanga anakhala pansi pa matope, kapulana ndi yense, n'kuyamba kulira. Ndi pamene ndinazindikira kuti chitengedwere mwamuna wake anali asanalirepo mokweza, poti kulira munthu amene sanamwalire ndi kumulodza. Zaka zonsezo maliro anali nawo m'mimba. Analira Chinyanja, akutchula mwamuna wake, ndipo amayi a Chinyungwe anasiya mbatata zawo n'kudzamuzungulira, kumulandira kulirako m'chilankhulo chawo. Ine mawu anabwerera, koma anatuluka osasa:

Madzi a kwathu, pitani bwino,
mukamufunde, kunja kwazizira.

Ndinadzaza botolo ndi madzi ofiira aja. Pobwerera tinakwera kamyao, ndipo mtunda umene unatitupitsa miyendo unatha dzuwa lisanalowe. Makutu anatseka pokwera, mphepo ya kwathu n'kutilandira ndi fungo la dothi lonyowa.

Nthochi ndinasankha ndekha, kuseri kwa nyumba, imene inabereka mkoko umodzi n'kusiya mphukira pambali. Alongo anga anadula. Tinaikulunga m'nsalu yoyera ndi mphasa, ndipo tisanatseke ndinathirapo madzi a m'botolo aja, dothi lake lomwe. Ponyamula, anyamata anati ikulemera ngati munthu. Nthochi ndi madzi okhaokha, ndinawauza, nyamulani. Akatekisita anapemphera, ndipo tsiku limenelo sanandikodole. Tinalira, tinameta. Nthawi yake itakwana alongo anga anakhazika mpongozi wanga pa mphasa pamaso pa anthu n'kunena mawu omusudzula, kuti kwa ife mlandu palibe, anatisunga bwino, apite kumene mtima wake ukufuna. Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati zidendene zake zayera kale, musamuchedwetse. Anthu anaseka, iye n'kubisa nkhope, ine n'kulowa m'nyumba, poti kuseka kwanga kunali pafupi kutembenuka.

Bambo wa njerwa anadikira mpaka titakolola. Anawatenga onse awiri, mayi ndi mwana. Mdzukulu wanga anakwera kamyao atagwira nkhuku imene ndinamupatsa, osatembenuka n'komwe, poti maso ake anali pa galimoto. Anakakhala ku Moatize m'mbali mwa madzi, ndipo anabereka ana ena amene amanditcha agogo ngakhale si magazi anga. Patapita zaka mgodi wa malasha unakula, anthu a kumeneko n'kusamutsidwira kumtunda kouma, kopanda mtsinje, kumene madzi ndi a pa mjigo ndipo dothi lake silimata njerwa. Amabwera kudzandiona mwa apo ndi apo, ulendo ndi wodula. Mpongozi wanga tsopano ali ndi imvi zake, koma akafika amalanda ndowa m'manja mwanga n'kupita kumadzi.

Pamsewu sindiyang'ananso kayendedwe ka anthu. Pena maso amandinamiza, ndikaona wina akuponya phazi lamanzere, mtima umati phaa, kenako ndimakumbuka kuti khomo ndinatseka ndekha. Ngati ndinatsekera wamoyo, Mulungu ndi amene akudziwa. Limenelo ndi thumba langa, ndimalisenza powoloka tsiku lililonse.

Masiku ano kumabwera alangizi a zaulimi, ana aang'ono a nsapato zoyera. Amatiphunzitsa kulima mizere yopingasa phiri ndi kubzala udzu m'malire kuti nthaka isakokoloke. Ndimawamvera, ndipo chimanga chikuchitadi bwino. Koma kumunsi kwa munda, pakona yoyang'ana kumadzi, mzere umodzi ndimausiya wotsegula. Mlangizi wina anauona.

"Agogo, apa mwaiwala kutseka. Dothi lanu likuthawira kumtsinje."

"Ndaona, mwana wanga."

"Nditseke?"

"Siya. Lili ndi kopita."

Anagwedeza mutu n'kupita kwa aneba. Mvula yoyamba ikagwa ndimafunda thumba kumutu, kutsika ndi khasu, n'kugalauza pakona paja kuti dothi lifewe. Ndimaima n'kumaona kamzere kofiira kakulowa m'kamtsinje. Pa mkuyu sikakodwa, kamadutsa pansi pa mizu. Kakapita ndimabwerera kunyumba kukatsekera nkhuku.